Akuti DNA yamugwira, koma chikwanjecho chinali cha kuntchito kwake

Nachisale_Kawale
Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga ali pa limandi ku Maula. Ankagwira ntchito yosamalira panja pa nyumba ina ku Area 47, ndipo atangosiya ntchitoyo mbava zinathyola nyumbayo usiku n'kutema mlonda pamkono. M'mawa mwake apolisi anatola chikwanje kuseri kwa mpanda. Mwini nyumba anatchula mlongo wangayo chifukwa anasiyana mokangana pa nkhani ya malipiro. Pano wozenga mlandu akuti katundu anatumizidwa ku South Africa, zotsatira zabwera, DNA ya pa chogwirira cha chikwanje ndi yake. Iye sakukana kuti chikwanjecho akuchidziwa. Ndi cha panyumba pomwepo, ankasadzira mitengo, ndipo chinkakhala m'kanyumba ka zipangizo kosakiya. Chinanso, pomugwira ine ndinalipo. Apolisi anabwera nacho chikwanjecho kudzamuonetsa, kenako anatenga malaya amene anavala dzulo lake n'kuponya zonse m'saka limodzi kumbuyo kwa galimoto. Amalume akuti angovomera kuti chilango chichepe, poti DNA sinama. Kodi palibedi chofunsa pamenepa?

Kabaza25
DNA sinama asisi. Pepani, ingolimbani mtima.

MaiTadala_Biwi
A Kabaza, mwawerenga mpaka kumapeto koma? Munthu chikwanje ankagwira tsiku ndi tsiku. Chodabwitsa chikanakhala kusapezapo DNA yake.

WaMuLabu
Asisi a Nachisale, ine ndimagwira ntchito mu labotale. Si ya apolisi, timayeza magazi a odwala, koma makina a PCR ochulukitsa DNA ndi omwewo ndipo mantha athu ndi amodzimodzi. Makina amayankha funso limodzi: maselo awa ndi a ndani? Kuti anafika liti pa chikwanje, kapena anafika bwanji, makina sadziwa. Mlandu wa mlongo wanu wagona pa mafunso awiri amenewa.

Kale pankafunika dontho la magazi looneka ndi maso. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, van Oorschot ndi Jones, anasonyeza kuti munthu akangogwira chinthu amatha kusiyapo DNA yokwanira kumuzindikira nayo. PCR imatenga kanthu kochepetsetsa n'kukachulukitsa kawiri, kenako kawirinso, maulendo 28 mpaka 30, moti pomaliza kachidutswa kamodzi kasanduka mamiliyoni mazanamazana. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo tsoka lake ndi lomwelo, chifukwa makina sasankha. Amachulukitsa za wakuba, za mwana amene anatola chikwanje m'mawa, za wapolisi amene anayankhula ataweramira pomwepo malovu n'kudonthera.

Ndiye DNA ya mlongo wanu ikhoza kukhala ya masiku amene ankasadza mitengo. Chogwirira cha mtengo kapena cha mphira chimasunga maselo m'ming'alu kwa milungu ngakhale miyezi ngati chili pouma ndi pamthunzi. Ikhoza kukhala yochokera pa malaya aja m'sakamo, chifukwa kolala ndi m'khwapa mwa malaya ovalidwa mumadzaza maselo, ndipo pamsewu wa mabampu zinthu zimakhulana. Ikhozanso kukhala ya usiku wa kubako. Sindikumuyeretsa, sindinaliko. Ndikungoti pepala la zotsatira palokha silingasiyanitse zitatuzi.

Kabaza25
Nanga wakubayo DNA yake ili kuti? Si ndiye womaliza kugwira?

WaMuLabu
Womaliza kugwira si nthawi zonse amasiya zambiri, achimwene. Anthu timasiyana, ena khungu lawo limayoyoka kwambiri, ena pang'ono. Wina akhoza kuvala magolovesi kapena kukulunga nsanza. Wogwiritsa ntchito chinthu miyezi yambiri nthawi zambiri amaonekabe ngakhale wina atachigwira pambuyo pake kwa mphindi zochepa.

KaleNdinaliCID
Ndalowa mochedwa koma ndiyankhepo, poti apolisi tikutchulidwa. Zoika chikwanje ndi malaya m'saka limodzi sindingaziikire kumbuyo, n'zolakwika, ndipo kupita ndi ekizibiti kunyumba kwa woganiziridwa n'kulakwanso kwina. Koma a WaMuLabu mumakhala m'chipinda chozizira. Ife tikamafika pamalo timapeza mudzi wonse wafika kale. Chikwanje chagwiridwa ndi mwini nyumba, alonda a nyumba zoyandikana, a neighbourhood watch, wina wachijambula n'kuchitembenuza kuti magazi aoneke bwino pa WhatsApp. Mayi a panyumba akolopa kale chifukwa alendo akubwera kudzapepesa. Magolovesi ukhoza kukhala nawo awiri okha, zotola zisanu. Ndiye tisamayankhule ngati wapolisi amadzuka n'cholinga choononga umboni.

WaMuLabu
Bwana, sindikukana. Koma pamenepo ndiye wapolisi alembe zomwe wapeza: chinagwiridwa ndi akutiakuti ndisanafike, magolovesi anali ochepa, ndinachinyamula motere. Khoti lidziwe kulemera kwenikweni kwa umboniwo. Choopsa n'chakuti zonsezi zisalembedwe, kenako pabwere pepala la chidindo lochokera kunja looneka ngati chikwanje chinachoka m'manja mwa wakuba n'kugwera m'makina.

KaleNdinaliCID
Apo tagwirizana. Buku la OB, lolembamo zochitika pa siteshoni ya polisi, ndi sitetimenti ya wofufuza zilipo chifukwa cha zomwezo.

MayiWaAtsikana
Ine nkhani ngati izi zimandipweteka. Mwana wa mchemwali wanga anagwiriridwa, za DNA sitinazimve n'komwe, munthu uja akuyenda mpaka lero. Pano mwayi wapezeka kuti umboni wa sayansi ugwire ntchito, inu mwayamba kale kuphunzitsa anthu njira zouthawira. Mlonda anatemedwayo alibe abale? Pepani asisi a Nachisale, sindikunena mlongo wanu, koma aliyense wa ku Maula amati sanalakwe.

AphunzitsiBiology
Mayi, ululu wanu ndi womveka ndipo palibe angakutsutseni. Ndingokukumbutsani m'mene nkhani ya DNA inayambira. Alec Jeffreys anatulukira njirayi mu 1984 pa yunivesite ya Leicester ku England. Kufupi ndi komweko atsikana awiri anagwiriridwa n'kuphedwa, wina mu 1983, wina mu 1986. Apolisi anagwira mnyamata wa zaka 17 ndipo anavomera kupha mmodzi. DNA inasonyeza kuti anapha onse awiri ndi munthu mmodzi, ndipo sanali mnyamatayo. Anamumasula. Atayeza amuna pafupifupi 5,000 a m'deralo, wolakwa weniweni, Colin Pitchfork, anali atatuma mnzake wa kuntchito kukapereka magazi m'dzina lake. Anaululika mnzakeyo atayankhula pamalo omwera mowa, ndipo mu 1988 anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Apolisi akanakhutira ndi mnyamata wovomera uja, Pitchfork akanapitiriza kuyenda. Mlonda wa ku 47 sapindula kanthu ngati womangidwa si amene anamutema.

Onaninso kuti pa mlandu woyamba womwewo vuto linali kale lakuti magazi ali m'botolo ndi a ndani. Makina anayeza bwinobwino magazi a munthu wolakwika.

MayiWaAtsikana
Ndamva aphunzitsi. Koma mtima sukuvomera.

NamwinoWaUsiku
Mayi, ndiyankhule nanu monga munthu amene amalandira ana otere. Chisamaliro chomwe a WaMuLabu akunenachi ndi chomwenso chimamangitsa wogwirira. Umboni wambiri umathera kunyumba. Mwana akafika akulira, chinthu choyamba mayi amamusambitsa, kabudula wamkati amachapa kapena kutaya m'chimbudzi chifukwa cha manyazi. Ena amamangira zovala zonyowa m'jumbo n'kubwera nazo patapita masiku. Ndi kutentha kwa Lilongwe mu October kapena chinyontho cha January, m'jumbomo mumamera nkhungu ndipo DNA imaola. Zovala ziume pamthunzi, chilichonse pachokha, zikulungidwe m'pepala loyera. Koposa zonse thamangirani ku One Stop Centre kapena chipatala chapafupi musanamusambitse. PEP yoteteza ku HIV imayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo ngakhale munamusambitsa kale, bweranibe.

Ifenso a chipatala tikhoza kusokoneza. Ku Melbourne ku Australia mnyamata wina anamangidwa mu 2008 pa mlandu wogwirira mayi amene anakomoka pamalo ovinira. Umboni unali DNA basi. Mu 2009 khoti linamumasula zitadziwika kuti tsiku limodzi mayiyo asanayezedwe, m'chipinda chomwecho cha chipatala, dokotala yemweyo anayeza mayi wina amene anali ndi maselo a mnyamatayo pathupi pake. Zinatsalira penapake m'chipindamo n'kulowa m'sampulo ya mayi wa pamalo ovinira uja. Ine chimvereni nkhani imeneyi bedi, tebulo ndi lumo ndimaziona mwina.

Chimutu_Boy
Koma mumapukuta ndi spiriti nthawi zonse, si ndiye zatha?

WaMuLabu
Spiriti amapha tizilombo, DNA saiononga. Chimodzimodzi chinthu cholembedwa kuti ndi sterile: mulibe tizilombo tamoyo, koma maselo akufa a munthu akhoza kukhalamo. Choononga DNA pa tebulo ndi Jik wosungunula, kenako n'kutsukuluza.

Ajeremani anaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. DNA ya mayi mmodzi inkapezeka pa milandu pafupifupi 40 ku Germany, Austria ndi France, ina ya kale mpaka 1993. Kuba m'nyumba, kuthyola magalimoto, kupha anthu, kuphatikizapo wapolisi wamkazi amene anaomberedwa ku Heilbronn mu 2007. Anaika mphotho ya mayuro 300,000. Mboni zikamati tinaona mwamuna, ofufuza ankati ndiye kuti amadzisintha maonekedwe. Mu March 2009 zinadziwika kuti mayiyo ankagwira ntchito pa fakitale yopanga timitengo ta thonje tomwe apolisi ankatolera DNA. Timitengoto tinali sterile ndithu. Pambuyo pake, mu 2016, kunakhazikitsidwa muyezo wa ISO 18385 wa zipangizo zotolera DNA ya milandu.

Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi si mayi wa pafakitale, iye sanalakwe kanthu. N'chakuti anthu ophunzira anakhulupirira pepala kuposa nzeru zawo kwa zaka. Chigawenga chanji chozungulira maiko atatu, chopha anthu, n'kumathyolanso tinyumba ta m'minda, osaonedwa ndi munthu ngakhale mmodzi?

MaiTadala_Biwi
Kuno tikanati ndi mfiti basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kabaza25
Poti akatswiri mwasonkhana, ndifunse za mnzanga wina. Akukayika mwana. Akhoza kumeta katsitsi ka mwanayo mobisa n'kukapereka?

Chimutu_Boy
"Mnzanga wina." Tamva madala.

MaiTadala_Biwi
Amuna a ku 25 DNA mumaidziwa ikakhala ya ana basi. Ya sukulu fizi simuidziwa.

Kabaza25
Ndi mnzangadi amayi, ine anga onse mphuno ndi yanga.

WaMuLabu
Tsitsi lometa ndi lumo lilibe muzu, silithandiza kwenikweni pa kuyeza kwa mtundu umenewu. Amatenga thonje la m'kamwa, mkati mwa tsaya. Ndipo zochita mobisa ndi zomwe zimabweretsa zotsatira zophwasula mabanja pachabe. Khanda likangoyamwa kumene, m'kamwa mwake mumakhala maselo a mayi. Bambo wonjenjemera amatha kusinthanitsa maenvulopu, kapena kugwira thonje la mwana ndi zala zake. Yoti khoti liikhulupirire imafuna kuti wotenga sampulo akhale munthu wapadera, aone ziphaso, atseke ndi kusaina pamaso pa onse.

Gogo_Chinsapo
Kwathu mwana wobadwira m'nyumba ndi wa m'nyumbamo. Zinazi mukudziputira matenda a mtima.

Admin_Likuni
Abale, za ana a mnzake wa a Kabaza titsegulira mutu wake. Tibwerere kwa asisi a Nachisale. A LoyaWamng'ono ndakuonani muli pa intaneti.

LoyaWamng'ono
Ndilipo bwana admin. Asisi, choyamba musalembenso zambiri za mlanduwu pano, zomwe mwanenazi zakwana. Chachiwiri, mlongo wanu asavomere mlandu chifukwa cha mantha a amalume asanakambirane ndi loya. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa woimbidwa mlandu ufulu wopereka umboni wake ndi kutsutsa umboni wa boma, ndipo lipoti la katswiri ndi umboni ngati wina uliwonse.

Loyayo asakhutire ndi tsamba limodzi la zotsatira. Afunse mapepala a chain of custody: anatola ndani, tsiku liti, anaika m'chiyani, anatseka liti, nambala ya chotsekera ndi iti, chinagona m'chipinda chiti cha ekizibiti, anakwera nacho ndege kapena kuchitumiza ndani, analandira ndani uko ndipo anachipeza chotseka kapena ayi. Pakakhala masiku amene palibe wasaina, pamenepo ndi pofunsa. Inuyo zimene munaona za saka zija ndi umboni, mulembe lero lomwe tsiku, nthawi ndi amene analipo, mupatse loya. Mukhoza kuitanidwa ngati mboni.

Afunsenso ngati wapolisi amene anatenga thonje m'kamwa mwa mlongo wanu ndi yemweyo amene ankagwira chikwanje tsiku lomwelo, komanso ngati ziwirizi zinayenda m'phukusi limodzi. Kenako apemphe khoti kuti katswiri amene anayeza afunsidwe mafunso, ndipo funso lalikulu ndi lophweka: kodi zotsatira zanu zingasiyanitse munthu amene anagwira chikwanje mwezi wathawo ndi amene anachigwira usiku wa mlandu? Katswiri woona mtima adzati ayi.

Mwini nyumba afunsidwenso kuti avomereze pamaso pa khoti kuti chikwanje n'chake ndipo mlongo wanu ankachigwiritsa ntchito. Kwa ine apa ndi pamphamvu kuposa nkhani ya saka.

Nachisale_Kawale
Zikomo kwambiri. Wina anandiuza kuti tisonkhe ndalama tikayezetse kwina. Zingathandize?

WaMuLabu
Pa nkhani yanu, pang'ono. Ngati maselo ake ali pa chogwirira, labotale iliyonse padziko idzawapeza. Kuyezanso kumagwira cholakwa chochitikira mkati mwa labotale, osati cha m'saka. Ndalamazo bola loya. Koma ndionjezere pa mndandanda wa a Loya. Magazi a pa chikwanjecho ndi a mlonda? Zimenezo zikumanga chikwanje, osati munthu. Pa malaya aja anapezapo magazi a mlonda? Ngati anapeza, saka lija laononganso umboni wa boma lomwe, chifukwa palibe angadziwe ngati magaziwo anafika usiku uja kapena m'galimoto. Ndipo pa chogwirira anapeza munthu mmodzi kapena osakanikirana?

LoyaWamng'ono
Fotokozani za osakanikiranazo, ifenso zimatizunguza.

WaMuLabu
Amayeza malo angapo pa DNA, ku America kuyambira 2017 ndi malo 20. Pa malo alionse munthu amakhala ndi manambala awiri, ina ya kwa mayi, ina ya kwa bambo. Munthu mmodzi, chithunzi chimaoneka bwino. Akakhala atatu kapena anayi manambala amaunjikana, ena amabisana, ena a munthu wosiya zochepa amasowa. Apa katswiri amagwiritsa ntchito maso ndi chiweruzo chake. Mu 2011 Itiel Dror ndi Greg Hampikian anatenga zotsatira zosakanikirana za mlandu weniweni wogwirira, zomwe akatswiri oyamba anati woganiziridwa sangachotsedwemo, n'kupatsa akatswiri ena 17 osawauza nkhani ya mlanduwo. Mmodzi yekha anagwirizana ndi oyamba aja, 12 anati munthuyo mulibe, anayi anati sizikudziwika. Chikwanje cha panyumba chogwiridwa ndi anthu ambiri chimatulutsa zosakanikirana kawirikawiri.

WaMasamu_Area18
Ndiponyepo za nambala ija imaopsa anthu m'khoti, yakuti mmodzi mwa 1 biliyoni. Anthu amamva ngati akuti mwayi woti munthuyu ndi wosalakwa ndi umodzi pa biliyoni. Ayi. Ikutanthauza kuti mutatola munthu wachilendo, wosakhala m'bale wake, mwayi woti DNA yake ifanane ndi yapezekayo ndi wochepa chotero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndiye inde, n'zovuta kuti wina wachilendo afanane naye. Koma kwa abale a bere limodzi nambalayo imatsika kwambiri, ndipo mapasa ofanana kuyeza wamba sikuwasiyanitsa. Chachikulu, m'nambalamo mulibe mwayi woti wina analemba dzina lolakwika pa botolo. Anthu salakwitsa kamodzi pa biliyoni, amalakwitsa pafupipafupi kuposa apo.

Chimutu_Boy
Koma zapita ku South Africa izi, si za kuno. Kumeneko zinthu n'zadongosolo.

KaleNdinaliCID
Dongosolo lilipo koma nawonso amalemedwa. Mu 2021 labotale za apolisi a kumeneko zinali ndi ntchito ya DNA yoposa 200,000 yodikira, nkhani inafika mpaka ku nyumba yawo ya malamulo.

WaMuLabu
Dzina la dziko si chitsimikizo, achimwene. Chofunsa n'chakuti labotaleyo ili ndi chiphaso cha ISO/IEC 17025 pa ntchito ya DNA ya milandu kapena ayi. Ku South Africa amapereka ndi bungwe la SANAS, maiko ena a SADC kuphatikizapo ife timadalira bungwe la SADCAS la ku Gaborone. Chiphasocho chimatanthauza kuti anthu akunja amabwera kudzaona mabuku, makina ndi luso la ogwira ntchito, ndipo ogwira ntchito amapatsidwa masampulo a mayeso omwe yankho lake likudziwika kale kwina.

Mkati mwa labotale yabwino, chipinda chotsegulira katundu ndi china, chochulukitsira DNA ndi china, ndipo munthu kapena chipangizo sichibwerera kuchoka kwachiwiri kupita koyamba, chifukwa mpweya wa m'chipinda chachiwiri ukhoza kukhala ndi DNA yochulukitsidwa kale. Katundu wa pamalo a mlandu ndi thonje la woganiziridwa siziyezedwa pa tebulo limodzi nthawi imodzi. Pa gulu lililonse la masampulo timaikapo botolo lopanda kanthu, la mankhwala okhaokha. Likatulutsa DNA, gulu lonselo ndi lokayikitsa. Loya afunse zotsatira za botolo limeneli. Zili ngati kuchigayo: ufa woyamba kutuluka umakhala ndi mgaiwa wa amene anagayitsa patsogolo panu, ndipo botolo lopanda kanthulo ndi lotiuza ngati makina anatsala ndi za wina.

Ngakhale zonsezi zilipo zimachitikabe. Mu 2011 mnyamata wina wa ku Devon ku England anaimbidwa mlandu wogwirira mayi ku Manchester, mzinda umene anati sanapondemo. Anakhala pa limandi miyezi isanu. Malovu ake anali mu labotale yomwe inkayeza umboni wa ku Manchester pa kamlandu kena kolavulira munthu, ndipo thireyi ya pulasitiki yoyenera kutayidwa inagwiritsidwanso ntchito. Inali labotale yaikulu, yovomerezeka. Zolemba za foni yake zinkasonyeza kuti anali kutali kwambiri.

AphunzitsiBiology
Ya ku California ndiye imandisowetsa tulo. Mu 2012 munthu wamalonda anaphedwa m'nyumba mwake kufupi ndi San Jose, ndipo m'zikhadabo zake anapezamo DNA ya bambo wina wogona m'misewu. Bamboyo mowa unamuononga mutu moti ankadzikayikira yekha. Anakhala m'ndende miyezi isanu, pa mlandu woti akanatha kunyongedwa nawo, mpaka mapepala a chipatala anasonyeza kuti usiku umenewo anali chikomokere m'chipatala. A ambulansi amene anamunyamula ndi omwewo anapita kukagwira mtembo maola ochepa pambuyo pake. Akuganiza kuti maselo anayenda pa kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi. Labotale sinalakwitse chilichonse pamenepa. Anthu awiriwa sanakumanepo.

MayiWaAtsikana
Ndiye mukuti tiitaye DNA?

LoyaWamng'ono
Ayi mayi. Umuna wa munthu wachilendo m'thupi la mwana wa zaka 9, wotengedwa bwino ndi kutsekedwa bwino, palibe loya angaufotokoze mwina. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo mtundu wa chinthucho ndi malo ake zikunena zomwe zinachitika. Maselo a khungu pa chipangizo chimene munthu ankagwira pantchito sanena zambiri. Pafunika zina: anamuona ndani, katundu wobedwa anapezeka kuti, foni yake inali kuti, mlonda akuti chiyani.

MayiWaAtsikana
Bola pamenepo. Ine ndikungofuna tsiku lina mwana wa ku Mtandire akagwiriridwa ayezedwe ngati wa ku 47.

KaleNdinaliCID
Mayi mwalasa. Zotumiza kunja zimadya ndalama, ndiye mukudziwa milandu imene imafika kumeneko. A WaMuLabu, funso la ntchito, poti anyamata ena amene ndinawaphunzitsa akadali m'gulu muno mwakachetechete. Matumba enieni a ekizibiti akasowa, envulopu ya khaki ya m'sitolo ingagwire?

WaMuLabu
Bola imeneyo kusiyana ndi jumbo kapena saka, ikhale yatsopano. Chinthu chimodzi, envulopu imodzi. Chonyowa chiyambe chauma pamthunzi, osati padzuwa, komanso osati m'chipinda chimene muli zovala za woganiziridwa. Chikwanje kapena mpeni ndi bwino katoni yatsopano, chimangiriridwe kuti chisamayendeyende. Tsekani ndi tepi, sainani modutsa tepiyo, lembani tsiku ndi nthawi. Magolovesi asinthidwe pa chinthu chilichonse, chifukwa golovesi imateteza dzanja lanu koma imanyamula maselo kuchoka pa ichi kupita pa icho. Pakamwa pakhale chotchinga. Ndipo envulopuyo asamate ndi malovu, ndikunena zoona.

Chinanso chimene mungawauze akuluakulu: aliyense wogwira katundu wa umboni, apolisi, anamwino, ife a labotale, ngakhale okolopa, DNA yake imayenera kukhala pa mndandanda wapadera, kuti ikapezeka pa chinthu adziwe msanga kuti ndi ya wantchito, asamasake chigawenga chimene kulibe.

KaleNdinaliCID
Apo ndiye mwaputa mavu. Anzanga ena sangatsegule pakamwa, akuopa kuti mndandandawo udzawapezera ana m'maboma onse amene anagwirako ntchito.

Kabaza25
Mwaona, si mnzanga yekha.

LoyaWamng'ono
Mukuseka koma manthawo ndi enieni, ndipo yankho lake ndi lamulo. South Africa inakhazikitsa lamulo lake la DNA mu 2013, linayamba kugwira ntchito mu 2015. Linagawa nkhokwe m'zigawo: za pamalo a mlandu, za omangidwa, za opezeka olakwa, za anthu osowa, ndi chigawo chapadera cha ogwira ntchito chomwe a WaMuLabu akunenachi. Linanenanso zomwe DNA imeneyo ingagwiritsidwe ntchito, nthawi yofufuta ya munthu amene khoti lamupeza wosalakwa, ndipo linaika bungwe loyang'anira. Anthu akamati tigule makina, ine ndimafunsa kuti wosunga mndandanda adzakhala ndani, ndipo wapolisi kapena namwino akakana kupereka thonje lake adzatani naye.

NamwinoWaUsiku
Ine langa atenge ngakhale mawa. Koma andipatse kaye magolovesi okwanira kusintha pa chovala chilichonse, chifukwa bokosi limodzi timagawana ndi a ku mateniti.